Mwera Umafikanso ku Sebakwe

Chichewa chimaloza mbali zinayi za dziko ndi mayina a mphepo. Tikamati kumwera, kumpoto, kuvuma ndi kuzambwe, timakhala tikutchula mwera, mpoto, vuma ndi zambwe, mphepo zimene munthu wa m'mbali mwa nyanja ya Malawi amazidziwa monga adziwira anansi ake. Amadziwa kuti mwera umalusa m'miyezi yozizira, makamaka Juni, Julayi ndi Ogasiti, ndipo ukauka mabwato amakokeredwa pamchenga. Amadziwa kuti mpoto ndi wa nyengo ya mvula. Ine mawu amenewa ndinakula nawo, koma opanda madzi ake. Ndinabadwira ku Kwekwe, m'chigawo cha Midlands ku Zimbabwe, tauni ya golide, chitsulo ndi fumbi, kumene mwana amazolowera kulira kwa belu la pamgodi asanaone funde ndi limodzi lomwe.

Agogo anga aamuna anachoka ku Nkhotakota m'zaka za m'ma 1950, ali mnyamata. Anadzera njira imene anzawo ambirimbiri anadzera: ku Dedza, kuoloka Zambezi pa Tete, kenako Mutoko ndi Salisbury, imene lero ndi Harare. Masiku amenewo bungwe lolemba anthu ntchito la Mthandizi linkatuta amuna a ku Nyasaland kukawagawa m'mapulazi ndi m'migodi ya Southern Rhodesia. Ena anathera ku mgodi wa asibesitosi ku Zvishavane, ena ku miyala ya kuromu ku Shurugwi, ena ku ng'anjo za chitsulo ku Redcliff. Agogo anathera pansi pa nthaka ya Kwekwe, kukumba golide, ndipo kwawo sanabwerereko. Anali mtchona weniweni.

Chuma chimene anabwera nacho chinali cha pakamwa. Bambo akaweruka ku ntchito nkhope ili ndwii, agogo ankatinong'oneza ife ana kuti, "Mwera wauka, tsitsani matanga." Mnansi akatenga ngongole yoposa malipiro ake, ankapukusa mutu n'kunena kuti thanga lakula kuposa bwato. Tanthauzo tinkalimva, koma panalibe ndi mmodzi yemwe mwa ife amene anaonapo thanga. Linali liwu la m'gulu la mawu a agogo, limodzi ndi usipa, chilimira ndi nkhafi, mawu onunkhira dziko limene tinkangolimva m'nkhani. Ndipo phunziro lake linali limodzi nthawi zonse: tsitsa, chepetsa, usadzionetse.

Chikhalirecho matanga analipo pafupi nafe. Damu la Sebakwe, limene limamwetsa Kwekwe ndi Redcliff, linamangidwa mu 1957, ndipo monga zinalili m'madamu ena a dziko lino, azungu a m'migodi ndi m'mapulazi ankapita kumadzi Loweruka ndi Lamlungu kukayendetsa timaboti tawo ta mphepo. Munthu wakuda ankafikako ngati wantchito: kunyamula mlongoti, kupala matabwa ndi kupaka utoto, kuchapa ndi kuyanika matanga, kukankhira boti m'madzi bwana atakhala kale m'kati. Nkhani ya matanga m'madamu a kuno ikamakambidwa anthu amenewa satchulidwa, komatu ambiri a iwo ankalidziwa boti kuposa mwini wake, ndipo ena anali ana a kunyanja.

Amene anandiphunzitsa ine anali mmodzi wa anthu amenewa. Ndinakumana nawo pamene ndinkayenda m'makomboni a Amaveni ndi Torwood kulemba mawu a Chinyanja cha okalamba. Anali agogo obadwira pa chilumba cha Likoma, amene kwa zaka zambiri anagwira ntchito ya m'dimba ndi yosamala boti kwa mkulu wina wa pamgodi. Bwanayo pochoka m'dziko muno anawasiyira botilo m'malo mwa penshoni. Nditawafunsa ngati liwu loti thanga akulikumbukira, anaseka mpaka kutsokomola. "Mdzukulu wanga, ukufuna liwu kapena ukufuna chinthu chake? Chili kuseri kwa nyumbaku."

Kuseriko, pansi pa malata akale, kunali boti la mtundu wa Mirror. Mtundu umenewu anaukonza Jack Holt ndi Barry Bucknell ku England mu 1962, mothandizidwa ndi nyuzipepala ya Daily Mirror, pofuna kuti munthu wamba azitha kudzikhomera boti pakhomo pake ndi mapulaiwudi. Kutalika kwake ndi mamita 3.3 okha. Matanga ake ndi ofiira: lalikulu la masikweya mita 4.6, ndi laling'ono lakutsogolo la masikweya mita 1.9. Mlongoti wake ndi waufupi, ndipo pamwamba pake pamakwera mtengo wina woonda wonyamula nsonga ya thanga, kotero kuti ponyamula mitengo yonse imakwana m'kati mwa boti momwemo. Matanga a agogowa anali atasuluka mpaka kufanana ndi dothi la katondo, ndipo anali ndi zigamba zitatu zosokedwa pamanja. Ndinabwereka kagalimoto ka mnzanga, ndipo kwa zaka zitatu, ndikapeza mpata ndi mafuta, tinkapita ku Sebakwe.

* * *

Funso langa loyamba linali lakuti thanga labwino ndi lotani. Anandiyang'ana ngati ndafunsa kuti nsapato yabwino ndi ya saizi yanji. "Labwino kwa yani? Tsiku liti?" Anati zinthu zosankha thanga zilipo zitatu: mphepo ya tsikulo, kulemera kwa anthu okwera, ndi luso la wogwira chingwe. Kulakalaka kwa mwini boti sikuli m'gulumo. Chifukwa chake n'chakuti mphamvu imene mphepo imakankha nayo nsalu siyendera limodzi ndi liwiro lake. Liwiro likawirikiza kawiri, mphamvu imawirikiza kanayi. Mphepo ya makilomita 30 pa ola imakankha ka 9 kuposa ya makilomita 10. Ndiye kuti thanga limene m'mawa linkakuyendetsa ngati mwana wobereka kumsana, masana likhoza kukugwetsa lomwelo, osasintha ulusi ndi umodzi womwe.

Ngalawa zikuluzikulu za mphepo zili ndi chitsulo cholemera kunsi kwake, chimene chimaziimika zikapendekeka. Kaboti kakang'ono kalibe. Chitsulo chake ndi thupi lako: umakhala m'mphepete, mbali imene kukuchokera mphepo, mapazi atakola lamba, n'kutsamira kunja. Thanga likakhala ndi mphamvu yoposa kulemera kwako, mkangano watha usanayambe. Opanga maboti akuzidziwa zimenezi. Boti la mtundu wa Laser, limene analijambula Bruce Kirby ndipo limapikisana pa masewera a Olympics, thupi lake ndi limodzi koma matanga ake alipo atatu: la masikweya mita pafupifupi 7 la anthu olemera, la 5.8 la opepukirapo, ndi la 4.7 la achinyamata. Ana aang'ono amayambira pa Optimist, kaboti konga bokosi ka thanga limodzi, kamene Clark Mills anakakonza ku Florida mu 1947. Palibe amene amati wa thanga la 4.7 ndi wamantha. Wangokwera pasikelo n'kuvomereza zimene yanena.

Asodzi a kunyanja alibe kabuku ka masaizi, koma lamulo ndi lomweli. Agogo a ku Likoma ankasimba za matanga osokedwa ndi matumba a ufa, a shuga kapena a feteleza, omangidwa pa nsungwi. Thanga lotere likang'ambika sulira, umangosokerera thumba lina. Bwato wosema ndi wopapatiza ndipo ulibe chogwira madzi kunsi, choncho thanga lake limakhala laling'ono, lotsika, ndipo ntchito yake ndi imodzi: kukankhidwa ndi mphepo yochokera kumbuyo. Msodzi amawerengera kuti usiku kamphepo kamachokera kumtunda kulowa m'nyanja, ndipo dzuwa likatenthetsa nthaka kamatembenuka. Amapita nako, amabwerera nako, ndipo kakamunamiza amagwira nkhafi. Zombo zazikulupo, zonga zimene zimaoloka pakati pa Likoma ndi Cóbuè ku Mozambique, zili ndi thanga la ngodya zitatu lopachikidwa pa mtengo wautali wopendekeka, ndipo limeneli limatha kudula mphepo cham'mbali.

Nsalu nayo ili ndi nkhani yake. Kale matanga anali a thonje. Thonje likanyowa limalemera, ndipo ukalipinda lisanaume limachita nkhungu n'kuola. N'chifukwa chake ntchito yoyamba imene agogowa anapatsidwa ali mnyamata inali yoyanika. Kuyambira m'zaka za m'ma 1950 nsalu ya poliyesita, imene ambiri amaidziwa ndi dzina la Dacron, inayamba kulanda malo. Iyi siopa madzi, koma mdani wake ndi dzuwa, ndipo dzuwa la ku Midlands silichita chibwana. Popeza thanga latsopano ndi lodula kwa munthu wa m'komboni, anandiphunzitsa kuyesa lakale. Kanda msoko ndi chikhadabo: ulusi ukaduka ndiye kuti dzuwa laudya. Finya nsalu m'manja: ikamalira ngati pepala latsopano ikadali ndi moyo, ikakhala yofewa ngati chitenje chochapidwa kambirimbiri yatha. Yang'ana m'ngodya, pamene pamakoka zingwe, chifukwa kung'ambika kumayambira pamenepo.

Koma chachikulu ndi mimba. Thanga si nsalu yathyathyathya. Limasokedwa kuti mphepo ikalowa litupe ngati phiko la mbalame. Mimba yaikulu imapereka mphamvu, ndipo ndi yabwino tsiku la kamphepo kayaziyazi. Mphepo ikakula mimba iyenera kuphwa: umakoka kachingwe ka kumapeto kwa mtanda, mtengo wopingasa wa m'munsi mwa thanga, n'kulimbitsanso m'mphepete motsamira mlongoti, mpaka nsalu iwongoke. Thanga likakalamba limatanuka, mimba yake imasunthira kumbuyo, ndipo m'malo mokokera boti kutsogolo limangoligoneka cham'mbali. Munthu wosadziwa amaona boti lapendekeka, madzi akuchita thovu, n'kumati likuthamanga. Agogo ankati limenelo ndi phokoso chabe, ngati lole yolira pachitunda koma yosakwera.

Posankha uyeneranso kudziwa kuti mphepo ya padamu ndi ina, ya panyanja ndi ina. Nyanja ya Malawi ndi yaitali makilomita oposa 550, ndipo mwera umayenda mtunda wonsewo popanda chotchinga, kuutsa mafunde otalika kuposa munthu. Koma umabwera poyera, ndipo ukakhazikika umaomba mbali imodzi masiku angapo. Dera la Kwekwe lili mamita oposa 1,200 pamwamba pa nyanja yamchere, pamene nyanja ya Malawi sifika 500, choncho mpweya wa kuno ndi wopepukirapo ndipo umakankha mofewerapo pang'ono. Vuto lake ndi chinyengo. Zitunda zozungulira damu zimaithyolathyola mphepo: apa pali zii, apo pali mkuntho, ndipo imasintha mbali osatsanzika. Mwayi wake ndi wakuti umaiona isanafike, pakuti pamadzi pamada ngati mthunzi wa mtambo ukuthamangira kwa iwe. Thanga la padamu ulisankhe molingana ndi mkuntho umenewo, osati ndi bata la pakati pake, makamaka mu Ogasiti, mwezi umene Ashona amautcha Nyamavhuvhu chifukwa cha mphepo yake. Ndipo mphepo yozizira ya kumwera chakuvuma imene imabweretsa guti ku Shurugwi ndi chiperoni ku Thyolo ndi ya mimba imodzi ndi mwera wa ku Nkhotakota: yonse imachokera ku Indian Ocean. Agogo anga anakhala zaka makumimakumi akupuma mphepo ya kwawo, itangosintha dzina.

* * *

Lamulo loyamba la kagwiridwe anandiuza tisananyowetse n'komwe mapazi: chingwe cha thanga lalikulu sichimangidwa. Chimakhala m'dzanja. Dzanja limodzi pa tsigiro, lina pa chingwe, ndipo mkuntho ukagunda umachilekerera pang'ono, thanga limatsegukira kunja, mphepo imatayika, boti limadzuka. Ukadutsa umakokanso. Thupi la munthu limafuna zosiyana ndi zimenezi, chifukwa mantha akabwera dzanja limafumbata. Miyezi yoyamba yonse inali yophunzitsa dzanja kutseguka pa nthawi imene mtima ukuti gwiritsa. Iwo ankakhala kutsogolo, atagwira chingwe cha kathanga kakang'ono, n'kumangoti, "Ipatse njira, mwanawe, ipatse njira. Mphepo sulimbana nayo, ili ndi abale ambiri kumbuyo."

Lamulo lachiwiri ndi la mlingo wa kukoka. Anthu ambiri amayesa thanga ndi thumba logwira mphepo, ndipo zimenezo n'zoona pokhapokha mphepo ikamachokera kumbuyo. Nthawi zina zonse mphepo iyenera kutsetsereka mbali zonse ziwiri za nsalu, ndipo mbali yakuseri, yotupayo, ndi imene imakoka kwambiri. Ukakoka chingwe mopitirira, mphepo yakuseriyo imasweka ndipo boti limalemera ngati lanyamula miyala. Njira yake ndi iyi: lekerera mpaka nsalu ya pafupi ndi mlongoti iyambe kunjenjemera, kenako koka pang'ono mpaka kunjenjemerako kuleke. Pamenepo ndiye pake. Agogo anamata timaulusi ta juzi yakale mbali zonse ziwiri za kathanga kakutsogolo. Tikagona tonse kuloza kumbuyo, zili bwino. Kamodzi kakayamba kuvina, mbali imeneyo mphepo yasokonezeka.

Chimene chimadabwitsa aliyense woona koyamba ndi boti kukwera mphepo. Palibe boti la thanga limene lingalunjike kumene mphepo ikuchokera, koma limatha kuyenda mopendekera, pafupifupi madigiri 45 kuchoka pamphuno ya mphepoyo. Chinsinsi chili pansi: thabwa lopyapyala limene umalilowetsa pa kabowo ka pakati pa boti kuti litsikire m'madzi. Agogo ankalitcha lupanga. Thanga likamakankhira boti cham'mbali, lupanga limakana, ndipo boti posowa kolowera limatsetserekera kutsogolo, monga ithawira njere ya papaya ukaifinya ndi zala ziwiri. Choncho umakwera mokhotakhota, uku ndi uku, ngati basi pa Boterekwa, msewu wa m'phiri wa ku Shurugwi uja. Pokhota pali njira ziwiri. Ukatembenuza mphuno ya boti kudutsa m'mphepo, thanga limapupuma pang'ono n'kudzaza mbali inayo mofatsa. Ukatembenuza mchira, mtanda umaoloka ngati chibonga, ndipo mutu umene sunawerame umalandira. Tsiku la mphepo yaikulu agogo sankalola njira yachiwiriyi. Ankati bola kuzungulira.

Kuchepetsa thanga kumachitika pamtunda, kapena mphepo isanakule, chifukwa ikakula manja onse awiri amakhala ali pa ntchito. Denga amafolera mvula isanagwe. Pa Mirror ukhoza kukulunga gawo la m'munsi la thanga pa mtanda, kapena kusiya kathanga kakutsogolo n'kusunthira mlongoti pa kabowo kake kachiwiri ka kutsogolo, kuti boti lisamakanirire kutembenukira kumphepo. Anthu a kunyanja sachita nthabwala pa nkhani imeneyi. Pa 30 Julayi 1946 sitima ya Vipya, ya chitsulo ndi injini, inamira kumpoto kwa nyanja ya Malawi tsiku la namondwe, ndipo anthu 145 anafa. Mpaka lero nthambi ya zanyengo ku Malawi imachenjeza asodzi mwera ukamayandikira. Komatu nyengo yomweyo ya mwera ndi imene amaisankha a mpikisano wa matanga wochokera ku Mangochi kupita kumpoto, umene unayamba m'zaka za m'ma 1980. Mphepo ndi imodzi. Chosiyana ndi boti, thanga ndi dzanja.

Padamu imfa imabwera mwakachetechete. Ambiri a ife a m'matauni a migodi sitidziwa kusambira, ndipo m'madamu ambiri a dziko lino muli ng'ona. N'chifukwa chake jekete yoyandamitsa inali yosakambirana, ndipo phunziro la kugubuduka tinalichitira dala, masana, pamalo osaya ndi oyera. Boti likagwa usalisiye, chifukwa limayandama ndipo limaoneka patali kuposa mutu wa munthu. Lekerera chingwe, zungulira kuseri, gwira lupanga ndi kulemera kwako konse mpaka thanga lituluke m'madzi, kwera, kapa madzi, pitiriza ulendo.

* * *

Mpaka apa zonse zinkagwirizana ndi mawu a agogo anga a ku Nkhotakota: tsitsa, chepetsa, lekerera. Theka linalo ndinaliphunzira tsiku lina la mu Ogasiti. Tili pakati pa damu, mphepo ili ndi mphamvu ndithu, agogo a ku Likoma anatsitsa dala thanga lalikulu lonse, n'kusiya kakang'ono kakutsogolo kokha. "Tsopano tibwerere kumene tachokera," anatero. Kumene tinachokerako kunali kumphuno kwa mphepo. Ndinakankha tsigiro, boti linangotembenuka pang'ono n'kubwerera. Timafunde tinkalimenya pamphuno n'kuliimitsa, ndipo pang'onopang'ono tinkatengedwa kupita ku miyala ya tsidya lina. Iwo anali phee, manja ali pamawondo.

"Agogo, silikumvera," ndinatero.

"Waona? Tsigiro limalamula boti loyenda. Boti loima ndi chikuni, madzi amapita nacho kumene afuna. Thanga lochepa limapha ngati lochuluka, kungoti limapha mochedwa."

Tinakweza lalikulu lija, lokulungidwa kamodzi pa mtanda, ndipo boti linadzuka ngati lamva dzina lake.

Mawu amenewo ndimawakumbukira ndikamaganiza za anthu a kwathu. Makolo athu anali ndi zifukwa zokwanira zotsitsira matanga. Ankatchedwa mabwidi, mabhurandaya, anthu opanda mudzi. Nyumba inali ya mgodi, ndipo ntchito ikatha denga linkathanso. Lamulo la unzika litasinthidwa mu 2001, anthu ambiri obadwira muno mwa makolo a ku Malawi, Zambia ndi Mozambique anapezeka kuti ndi alendo m'dziko lobadwiramo, ndipo ambiri anataya mwayi wovota. Ng'anjo za ku Redcliff zitazima mu 2008, mabanja a Chishona ambiri anali ndi munda kumudzi kothawirako, pamene a kwathu ambiri analibe. M'nyengo zotere kudzichepetsa kunapulumutsa mabanja, ndipo amene sanaone mkunthowo asawaweruze.

Koma chizolowezi chimakhalitsa kuposa mkuntho. Malamulo aakulu a dziko a 2013 anavomereza unzika wa anthu obadwira muno mwa makolo a m'mayiko a SADC, ndiponso anaika Chichewa pa mndandanda wa zilankhulo 16 zovomerezeka ku Zimbabwe. Komabe ndili ndi anzanga amene mpaka lero amatsitsa mawu akamayankha foni ya amayi awo m'kombi, amene anapotoza dzina la mfunda kuti limveke Chishona, amene sanapitebe kukasinthitsa chitupa chowatcha alendo. Thanga likadali pansi, mphepo inatembenuka kalekale, ndipo tikudabwa kuti tsigiro silikugwira. Agogo anga anatiphunzitsa bwino kutsitsa, koma mwayi wotionetsa kukweza analibe, pakuti bwato anausiya ku Nkhotakota.

Pa ntchito yanga yomasulira ndimakumana ndi anthu onena kuti Chichewa chilibe mawu a zinthu ngati izi. Chili nawo: thanga, mlongoti, tsigiro, nangula, nkhafi, kukapa, kukocheza. Ena mwa iwo alimo ngakhale m'Buku Lopatulika la 1922, pa nkhani ya kusweka kwa ngalawa imene anakwera Paulo. Pamene palibe liwu, ogwira ntchitoyo amalipanga, monga anapangira agogo liwu la lupanga. Mbiri ya mawu amenewa si yoyera ayi. Thanga, mlongoti ndi ngalawa ndi abale a mawu a Chiswahili akuti tanga, mlingoti ndi ngalawa, ndipo Aswahili sanabwere kunyanja kudzaona malo. Kuyambira cha m'ma 1840 Jumbe Salim bin Abdallah ndi omulowa m'malo anakhazikika ku Nkhotakota, nakhoma zombo za matanga zimene zinkaolotsa minyanga ndi akapolo kupita tsidya la kuvuma, pa ulendo wa ku Kilwa. Kwawo kwa agogo anga thanga linauluka pamwamba pa anthu omangidwa. M'madamu a Rhodesia linauluka pamwamba pa anthu amene sankadya nafe m'mbale imodzi. Wina angati tilisiye, si lathu. Ine ndikuti m'zombo zonse ziwirizo manja ambiri okoka zingwe, osoka zigamba ndi okapa madzi anali a anthu athu, ndipo luso ndi la amene analigwira. Madzi saiwala khwawa.

Agogo a ku Likoma anatisiya zaka zingapo zapitazo, ndipo ana awo anandigulitsa botilo pa mtengo wa mbuzi ziwiri. Matanga ofiira aja tsopano ali ndi zigamba zisanu. Wophunzira wanga woyamba ndi mwana wa mlongo wanga, mtsikana wa zaka 11 wa ku Mbizo, wolemera makilogalamu 32. Chichewa chake n'chosakanikirana ndi Chishona, koma m'boti timalankhula cha agogo: koka, lekerera, werama, kapa. Tinayamba ndi kusambira, pa dziwe losambiriramo la m'tauni, ndipo chaka chatha chonse anayenda ndi thanga lokulungidwa kawiri. Chaka chino, tikumanga zingwe pagombe, anayang'ana pamwamba pa mlongoti n'kundifunsa, "Amalume, bwanji lero tikweze lonse?"

Ndinayang'ana pamadzi, pamene panali pakuda apa ndi apo, n'kuyang'ananso timikono take. Tinagwirizana kuti lero tikulunga kamodzi, ndipo lonse adzakweza tsiku limene adzadzutse yekha boti logubuduka katatu, ine ndili chilili pamtunda. Wadzutsa kale kawiri.